Mbaula, Unga ndi Saladi: Mbiri ya Kaphikidwe m'Makomboni a Lusaka

Anthu ambiri a mu Lusaka amakhala m'makomboni monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, ndipo chakudya chochuluka cha likulu la Zambia chimaphikidwa kumeneko. Maziko ake ndi nsima ya chimanga ndi ndiwo, monga zilili ku Chipata, ku Lilongwe kapena ku Tete, koma njira imene nsimayo imadzera kuti ifike m'mbale ndi ya m'tauni. Ufa, umene a Lusaka amati unga, ngogula. Moto ngogula. Madzi nawo m'madera ambiri ngogula pa mpopi, chigubu ndi chigubu. Kuyambira kale, wophika wa mu komboni wakhala akuyang'ana zimene zikudyedwa kwina, m'nyumba za azungu, m'mahotela, kenako m'malesitilanti a nkhuku ndi tchipisi, n'kuzikonza mwa njira yake kuti zikwanire pa mbaula imodzi ndi pa ndalama ya tsiku limodzi.

Phoso ndi makomboni oyamba

Lusaka inayamba mu 1905 ngati kasiteshoni ka njanji yochokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, m'dera la Asoli ndi Alenje. Boma la atsamunda la Northern Rhodesia linasankha malowa mu 1931 kuti akhale likulu, ndipo linasamukirako mu 1935. Mapulani a mzindawu, amene Stanley Adshead anawayamba, anasamala kwambiri za maofesi ndi nyumba za azungu za mabwalo aakulu. Munthu wakuda ankawerengedwa mlendo wodzagwira ntchito, amene banja lake latsala kumudzi ndipo adzabwererako ntchito ikatha. Bwana ndiye anali ndi udindo wom'patsa pogona ndi chakudya. Chakudyacho chinali phoso: ufa, mchere, nyemba kapena mtedza, ndi kanyama mwa apo ndi apo. N'chifukwa chake ophika oyamba a m'makomboni anali amuna, osonkhana atatu kapena anayi pa mafuwa amodzi, kuvundula nsima m'chitini akaweruka.

Amene analibe nyumba ya kuntchito ankalipira kangachepe kwa azungu eni mafamu ndi migodi ya miyala ya laimu ozungulira tauni, n'kumanga tinyumba ta dothi. Maina a makomboni ena akusungabe mbiri imeneyi. George inatenga dzina la mwini malo, Chawama poyamba inkatchedwa Roberts, ndipo John Laing ndi John Howard ndi maina a makampani omanga amene ankagoneka antchito awo pamenepo. Matero ndi yosiyana: inamangidwa ndi khonsolo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, lamulo la 1948 litalola kuti antchito okwatira azikhala ndi mabanja awo m'tauni. Amayi atachuluka, kaphikidwe kanasintha. Kunabwera mtondo ndi munsi, mphika wa ndiwo, nsinjiro, chidulo, kadimba ka maungu kuseri kwa nyumba, komanso mowa wofulula mobisa, popeza khonsolo inkafuna kuti mowa uzigulidwa m'mabala ake okha.

Akhukhi ndi zenera la butchala

Njira yoyamba imene zakudya zachilendo zinalowera m'komboni inali ya akhukhi. M'Northern Rhodesia ntchito ya m'nyumba za azungu inali ya amuna, monga anafotokozera Karen Tranberg Hansen m'buku lake la 1989 lotchedwa Distant Companions, ndipo ambiri otchuka pa ntchitoyi anali ochokera ku Nyasaland ndi kuchigawo cha Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Khukhi ankadziwa kuphika buledi, masikono, keke, supu, nyama yootcha mu uvuni ndi mbatatesi zosinja, pa chitofu cha nkhuni chachitsulo. Koma kwawo sankaphika. Nsima ya pakhomo pake inkaphikidwa ndi mkazi wake, ndipo iye mwini sakadaiwerengera nyama yozizira ndi saladi ya masamba aawisi kukhala chakudya. Chimene chinawoloka kuchoka kukhitchini ya dona n'chimene chinali chotheka popanda uvuni ndi furiji: tiyi wa shuga, sikono, mpunga wa tsiku lalikulu, kukazinga anyezi ndi tomato m'mafuta musanaike nyama. Amwenye a masitolo a ku Kamwala anaonjezerapo samusa, chapati ndi ufa wa khale. Makalabu a amayi a mipingo ndi a boma, pamodzi ndi sukulu ya amayi ya Mindolo ku Kitwe imene inatsegulidwa mu 1958, anaphunzitsa kuphika makeke ndi kuyala tebulo, ngakhale ambiri mwa ophunzirawo analibe chitofu kapena tebulo kunyumba.

Kulowa mu lesitilanti kunali koletsedwa kwa munthu wakuda. Hotela ya Ridgeway inatsegulidwa mu 1953, ndipo anthu akuda ambiri ankalowamo ngati ophika ndi operekera zakudya. M'mabutchala ndi m'masitolo ambiri a mu Cairo Road, wakuda ankagula kudzera pa kazenera ka kumbali, n'kupatsidwa nyama ya mafupa yokulungidwa kale, imene sanaisankhe. Mu 1954 chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinatsogolera anthu kunyanyala mabutchala a mu Lusaka, amayi ataima pamakomo kubweza ogula. Kenneth Kaunda, amene anali mlembi wamkulu wa chipanicho, anasiya kudya nyama m'nyengo imeneyo chifukwa cha tsankholi. Lamulo lotsegula malesitilanti, nyumba za tiyi ndi za kanema kwa anthu a mitundu yonse linabwera mu 1960. Komabe chitseko chotseguka sichinasinthe za m'thumba, ndipo kwa zaka zambiri nkhuku yokazinga ya m'kadengu ya ku Ridgeway inali nkhani yongomva kwa mnansi wogwira ntchito kumeneko.

Mitundu yonse pa msika umodzi

Ufulu utabwera pa 24 October 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha. Lusaka, imene inali ndi anthu pafupifupi 123,000 mu 1963, inapitirira 260,000 mu 1969 ndipo inadutsa theka la miliyoni pofika 1980. Khonsolo sinathe kumanga nyumba zokwanira. Mtendere inakhazikitsidwa mu 1967 ngati malo opimidwa oti anthu adzimangire okha, ndipo ena mwa oyamba kukhalako anachokera ku Kalingalinga. Lamulo la 1974 linavomereza makomboni ena kukhala malo okhazikika, ndipo ndalama za World Bank zinabweretsa misewu ndi mipopi ku George ndi ku Chawama. Kalingalinga inakonzedwa pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1980, mothandizidwa ndi dziko la Germany.

Pa mpopi ndi pa msika mpamene zakudya za zigawo zinakumana. Chinyanja chinakhala chilankhulo cha mzinda, koma ndiwo zambiri zinasunga maina a kumene zinachokera. Nkhwani ku Lusaka ndi chibwabwa, kholowa ndi kalembula, chigwada ndi katapa, bonongwe ndi bondwe, ndipo ndiwo zotendera zimatchedwa ifisashi, dzina la Chibemba. Akum'mawa anabwera ndi therere, mfutso, thobwa ndi mbewa zimene anzawo amawaseka nazo mpaka lero mwa chimbuya, chibale cha nthabwala. Atonga anabwera ndi chibwantu ndi mkaka wowawasa, Alozi ndi nsomba zouma ndi mpunga wa ku Mongu, a kumpoto ndi vinkubala (mbozi zodyedwa), bowa, munkoyo, chinangwa chootcha chodyera mtedza, ndi chikanda. Chikanda chimapangidwa ndi timizu ta maluwa a m'madambo, toumitsa ndi kusinja, tosakaniza ndi nsinjiro, soda ndi tsabola, kuvundula mpaka kulimba, kenako kuika makala pa chivundikiro kuti pamwamba papse. Kale chinali ndiwo ya osauka a kumpoto chakum'mawa. Lusaka itachikonda n'kuyamba kuchidula m'zidutswa zogulitsa m'misewu, timizuti tinayamba kusowa m'Zambia, ndipo amalonda amakatitenga ku mapiri a kummwera kwa Tanzania ndi maiko ena oyandikana.

Kapenta ali ndi mbiri yakeyake. Kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika, ndipo wa ku Mpulungu ndiye amayamikidwa ndi kukwera mtengo. Mu 1967 ndi 1968 akatswiri anatenga tiana ta kansombaka n'kukatiika m'nyanja ya Kariba, imene inapangika damu litamalizidwa mu 1959. Usodzi wa malonda utakula kumbali ya Zambia m'zaka za m'ma 1980, kapenta wa ku Siavonga anadzaza misika ya Lusaka pa mtengo wotsikirapo. Ubwino wake kwa mayi wa mu komboni ngoonekeratu: safuna furiji, amagulika pang'ono, amapsa m'mphindi zochepa, ndipo kambale kamodzi kokazinga ndi tomato kamatha kutsitsa nsima ya anthu asanu ndi mmodzi.

Nkhalango zozungulira mzinda zitatha, mafuwa analowedwa m'malo ndi mbaula, kachitofu ka malata kobowolabowola kamene amisiri a m'misika amasula ndi zitsulo zotayidwa. Makala, amene ku Lusaka ndi malasha, amabwera pa njinga ndi pa malole kuchokera ku Chongwe, Rufunsa, Mumbwa ndi Chibombo. Mbaula ndiyo inaika malire a kaphikidwe konse ka mu komboni. Ili ndi malo a poto mmodzi, choncho ndiwo zimayamba, nsima n'kutsiriza kuti ifike yotentha. Moto wake sutsitsidwa ndi batani, umachepetsedwa pochotsa makala kapena kuwaza phulusa. Nyemba, kaya za kabulangeti kaya za Solwezi, zimadya makala a maola atatu kapena anayi, moti ndiwo yotsika mtengo pa msika imatha kukhala yodula pa moto. Zipinda zambiri zobwereka zilibe khitchini, ndipo kuphika kumachitikira pakhomo, mnansi akuona. Maphikidwe atsopano amafala msanga m'komboni pa chifukwa chomwechi, ndipo umphawi nawo subisika.

Zaka za mizere ndi zipolowe za unga

Boma la Pulezidenti Kaunda ndi chipani chake cha UNIP linatenga unga ngati nkhani ya ndale. Bungwe la NAMBOARD, lokhazikitsidwa mu 1969, linkagula chimanga kwa alimi, ndipo boma linkalipirako mbali ya mtengo kuti anthu a m'tauni azigula motchipa. Zigayo zazikulu zinkatulutsa mitundu iwiri: breakfast, woyera ndi wosalala, wochotsedwa gaga, ndi roller, woderako ndi wotsika mtengo. Roller ndiye ali ndi chakudya chambiri m'thupi, koma breakfast ndiye anatenga ulemu, ndipo thumba la makilogalamu 25 loima pakona ya chipinda linasanduka muyeso wa banja loima bwino. M'badwo wonse unakula osadziwa kukonola ndi kuviika mphale.

Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa. Masitolo a boma monga ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni ankakhala opanda kanthu, ndipo amayi ndi ana ankalawirira pa mizere ya mafuta ophikira, shuga, mchere, sopo ndi buledi. Mafutawo a Lusaka amawatcha saladi, ndipo saladi ikasowa ndiwo zinkabwerera ku nsinjiro ndi kuwiritsa. Chakudya cha mmawa kwa ambiri chinali zigolo, madzi a shuga, ndi banzi limodzi ngati lilipo. Anthu anayamba kulima chimanga ndi mbatata pa malo aliwonse opanda nyumba, m'mbali mwa njanji ndi m'madambo, ngakhale khonsolo inkatumiza antchito kukachitchetcha ponena kuti chimasunga udzudzu ndi akuba.

Mu December 1986, potsata upangiri wa IMF, boma linachotsa thandizo pa breakfast ndipo mtengo wake unakwera ndi 120 peresenti. Roller anasowa m'masitolo. Zipolowe zinabuka ku Copperbelt, anthu 15 anafa, ndipo Kaunda anabweza mtengo n'kulanda zigayo za anthu wamba kuti zikhale za boma. Mu 1989 kunabwera makuponi ogulira unga. Mu June 1990 mtengo unakweranso kuposa kawiri, ndipo ulendo uno moto unayaka mu Lusaka momwe: ophunzira a pa University of Zambia anayamba, anthu a ku Kalingalinga, Mtendere ndi makomboni ena n'kulowerera, masitolo anathyoledwa, ndipo anthu oposa 20 anafa. Pa 30 June, msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma. Kulandako kunatha m'maola ochepa, koma chaka chotsatira UNIP inagonja pa chisankho kwa chipani cha MMD cha Frederick Chiluba.

Pamela, kantemba ndi nkhuku za masabata asanu ndi limodzi

Boma latsopano linachotsa thandizo pa unga ndi kugulitsa makampani a boma. Katundu anadzaza m'masitolo, koma ntchito zinatha kwa anthu zikwizikwi. Chilala cha 1992 chinabweretsa chimanga chachikasu chochokera kunja, chimene anthu anadya monyinyirika. M'nyengo imeneyi kagulidwe ka tsiku ndi tsiku kanakhazikika. Amene sangathe thumba lonse amagula pamela, kapepala ka pulasitiki ka unga wokwanira kuphika kamodzi kapena kawiri. Pa kantemba ka pakona, saladi imapimidwa ndi kachivundikiro kapena kabotolo, shuga ndi mchere n'zomanga m'timapepala, makala ndi a m'kajumbo, tomato ndi wa mulu. Ukawerengetsa pa mwezi, wogula pang'onopang'onoyu amalipira zambiri kuposa wogula thumba, ndipo amadziwa zimenezo. Chomwe alibe ndi ndalama ya pamodzi. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection limasindikiza mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika za banja la mu Lusaka, ndipo kawirikawiri umaposa malipiro a wantchito wamba. Zigayo zazing'ono zinachulukanso m'makomboni, mabanja n'kuyamba kugula chimanga pa msika wa Soweto kapena kulandira cha kumudzi n'kukagayitsa okha.

Ndiwo ziwiri zatsopano zinalowa m'mphika. Yoyamba ndi tizidutswa ta soya touma, tofufuma m'madzi otentha, timene tikakazingidwa bwino ndi anyezi ndi khale timalowa m'malo mwa nyama kumapeto kwa mwezi. Yachiwiri ndi nkhuku ya chizungu. Kampani ya Hybrid Poultry inayamba kuswetsa anapiye mu 1961, koma m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 mpamene mabanja ambiri anamanga tikhola kuseri kwa nyumba, kuweta anapiye kwa masabata asanu ndi limodzi n'kugulitsa. Nkhuku, imene kale inkafera mlendo kapena Khirisimasi, inayamba kugulika chidutswa chidutswa: ntchafu, mapiko, makosi, mitu, miyendo ndi nthutumba, chilichonse ndi mtengo wake.

Amayi ambiri amene amuna awo anachotsedwa ntchito anasandutsa luso la pa mbaula kukhala malonda. Vitumbuwa ndi masikono a mmawa, chimanga ndi mbatata zootcha, mazira owiritsa, ndi timalesitilanti ta m'misika ya Matero, Chawama, Mtendere ndi Soweto, kumene dalaivala wa minibasi amadya nsima ndi T-bone, vimbombo (ziboda za ng'ombe) kapena nsomba atakhala pa benchi. Amuna anatenga michopo, nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe yootcha pakhomo pa bala, yodyera anyezi, tomato ndi tsabola.

Nkhuku ndi tchipisi pa mbaula

Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba mu Cairo Road mu 1995, ndipo Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, Arcades n'kutsatira mu 2003. Kunabweranso Hungry Lion, Steers, Nando's, Debonairs ndi KFC, komanso malo a Alebanoni ogulitsa shawarma. Mwa onsewa, Hungry Lion ndiyo inayandikira kwambiri thumba la munthu wa mu komboni, moti kabokosi ka nkhuku ndi tchipisi kanasanduka mphatso ya tsiku la malipiro, ya mwana amene wakhoza mayeso, kapena ya chibwenzi chatsopano. Koma banja la anthu asanu ndi awiri silingadye kumeneko sabata ndi sabata. Ana atalawa anayamba kupempha, ndipo amayi ndi atsikana anayamba kuyesa kunyumba.

Vuto lake lili pa moto ndi mafuta. Lesitilanti imakazingira m'makina odzaza mafuta, osunga kutentha kumodzi. Pa mbaula moto umakwera n'kutsika, ndipo ntchafu yoponyedwa yaiwisi m'mafuta ochepa imapserera kunja mkati muli magazi. Ophika ambiri amayamba aiwiritsa nkhukuyo pang'ono ndi mchere, adyo ndi jinja, n'kuisiya kuti iume, kenako kuiviika mu dzira, kuigubuduza mu fulawa wosakaniza ndi paprika kapena zokometsera za m'timapaketi, n'kuikazinga mphindi zochepa kuti khungu likhale lokhukhuluza. Potero saladi siitha yambiri, ndipo madzi owiritsirawo amasanduka msuzi. Msuziwo ngofunika, chifukwa pakhomo nkhuku ya mtundu umenewu kawirikawiri imathera pa nsima. Ana amadya tchipisi, koma bambo amafunsabe kuti nsima ili kuti, ndipo m'nyumba zambiri tsiku lopanda nsima limawerengedwa tsiku logona ndi njala. Kunena zoona, nkhuku ya pa mbaulayi si yofanana ndi ya m'kabokosi, ndipo sikuti ophika alephera. Iwo akuphikira mbale ina, yofuna msuzi ndi yoti igawike kwa anthu ambiri.

Tchipisi n'zosavuta. Mbatatesi zimasendedwa, kudulidwa, kupukutidwa ndi nsalu kuti mafuta asathethekere, ndipo mafutawo amasefedwa n'kusungidwa m'botolo kuti akagwirenso ntchito kangapo. Pambali pamakhala kabichi wodula mopyapyala ndi karoti ndi mayonesi, ndipo ndalama ikalola, soseji ya Hungarian, imene anyamata okazinga tchipisi m'mphepete mwa misewu anaitchukitsa. Ena amaphika pizza m'chiwaya chovundikira, poloni atalowa m'malo mwa nyama ndipo tchizi atangowazidwa pang'ono. Ena amakulunga nkhuku ndi kabichi mu chapati n'kuitcha shawarma. Makaroni ndi supageti wa nyama yogaya analowa m'gulu la chakudya cha Lamlungu, limodzi ndi mpunga wa ku Nakonde, Mongu kapena Chama.

Keke ndi masikono zili ndi njira yakale kwambiri, yochokera kwa akazi a akhukhi aja. Poto wamkulu amathiridwa mchenga pansi, n'kuikidwa pa makala ochepa. Chitini cha keke chimakhala pa mchengawo, ndipo makala ambiri amaikidwa pa chivundikiro kuti moto uchokere pamwamba. Zitini za nsomba kapena za nyemba zotsukidwa zimaumba masikono. Ogulitsa zambiri amagwiritsa ntchito uvuni wosulidwa ndi mgolo kapena malata. Luso lenileni ndi kudziwa kutentha poyandikitsa dzanja, popeza palibe choyezera. Masiku ano atsikana ambiri amaphunzira kukongoletsa makeke pa YouTube ndi Facebook, n'kumalandira maoda a masiku obadwa pa WhatsApp, ndipo ena anapita ku sukulu za zophikaphika monga ija ya pa Fairview Hotel n'kubwerera kudzaphikira maukwati a m'dera lawo.

Maphwando a ukwati ndiwo amaonetsa bwino mbali ziwiri za khitchini imeneyi. Pa kitchen party, phwando la amayi okhaokha limene linafala m'matauni a Zambia ufulu utabwera, mkwatibwi amapatsidwa mapoto, mbale, chitofu, nthawi zina furiji, ndipo wopereka aliyense amafotokoza ntchito ya mphatso yake, alangizi ali pomwepo. Chakudya chake n'cha kuhotela: nkhuku yokazinga, mpunga, nyama ya ng'ombe, saladi ya mbatatesi ndi ya kabichi, zophikidwa usiku wonse pa mbaula zobwerekana. Pa chilanga mulilo, mwambo wa Chibemba umene mitundu yambiri ya mu Lusaka yautengera, akuchikazi amasenzera mkamwini zakudya za makolo zokhazokha, zokulungidwa m'zitenje, akuimba: nkhuku ya kumudzi yathunthu, nsomba youma, ifisashi, bowa, chikanda, munkoyo ndi nsima yaikulu. Mayi mmodzi yemweyo amayenera kudziwa zonse ziwiri.

Malesitilanti nawo anayamba kutengera komboni ndi mudzi. Pa msika wa Thornpark pali mzere wa malo odyera otchedwa Matebeto, dzina la mwambo umene akuchikazi amathokozera mkamwini wosunga bwino banja pom'phikira zakudya zamitundumitundu. Masana kumadzaza magalimoto a anthu a m'maofesi ndi a kumayadi, odzafuna nkhuku ya kumudzi, lumanda, impwa, therere ndi nsomba yootcha, ndipo ambiri mwa ophika kumeneko amalawira kuchokera m'makomboni. Sylvia Banda, amene anayamba ndi kalesitilanti kakang'ono m'zaka za m'ma 1980, anakulitsa kampani ya Sylva pa zakudya za makolo, kuphunzitsa alimi kuumitsa masamba mwaukhondo ndi kuwalongedza kuti agulitsidwe m'masitolo. Bondwe ndi kalembula, zimene mwana wa mu komboni ankachita nazo manyazi pamaso pa anzake a kusukulu, lero zili pa mndandanda wa zakudya m'mahotela.

Madzi, kolera ndi magetsi

Madzi akhala vuto la khitchini ya mu komboni kuyambira pachiyambi, makamaka ku Kanyama, kumene tsopano kumakhala anthu oposa theka la miliyoni. Deralo lili pa thanthwe la laimu, madzi a pansi ali pafupi, ndipo dzinja likafika zimbudzi zokumba zimasefukira m'zitsime zosaya. Kolera imene inayamba mu October 2017 inadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka. Boma linaletsa malonda a m'misewu, linatseka misika ina ndi kutuma asilikali kukagwetsa timatebulo, ndipo mu January 2018 anthu a ku Kanyama anachita zipolowe pokana chiletsocho, chifukwa kwa ogulitsa vitumbuwa ndi tchipisi chinatanthauza kusowa unga kunyumba. Mliri wa 2023 mpaka 2024 unali woopsa koposa: unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka February. Kuchokera pamenepo botolo la klorini ndi ndowa ya kampopi yosambira m'manja zimapezeka pakhomo pa timalesitilanti tambiri ta m'misika.

Magetsi a ZESCO anafika m'nyumba zambiri za m'makomboni, ndipo kachitofu ka mbale ziwiri kanagulidwa, koma mbaula sinachoke. Mayunitsi amasungidwira nyale, wailesi yakanema ndi furiji, pamene nyemba, sampu ndi vimbombo zimapita pa makala. Popeza magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madamu a Kariba ndi Kafue Gorge, mvula ikavuta nawo amavuta, monga zinachitikira mu 2015 ndi 2019. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko, ndipo chakumapeto kwa chakacho madera ambiri a Lusaka ankalandira magetsi kwa maola atatu okha pa tsiku. Unga ndi makala zinakwera mtengo nthawi imodzi. Mafuriji anazima, moti amene ankagula nkhuku ya sabata yonse anabwerera ku kugula chidutswa cha tsiku lomwelo, kapenta ndi soya. Ophika makeke a mu uvuni wa magetsi ankadzuka pakati pa usiku magetsi akayaka, kapena kubwerera ku poto wa mchenga. Boma ndi mabungwe akulimbikitsa gasi ndi zitofu zosawononga makala pofuna kupulumutsa nkhalango, ndipo masilinda aang'ono ayamba kuoneka ku Matero ndi ku Mtendere, makamaka m'mabanja a malipiro a pamwezi. Chopinga chachikulu n'chakuti silinda ndi chitofu chake zimafuna ndalama ya pamodzi, pamene makala amagulika a kuphika kumodzi.